Mabogi akugwa pokhota: kodi njanji yonse iphwasulidwe?

Owerenga athu ena atilembera kuti ali ndi kanjanji ka sitima zachidole ka HO (kochepa ka 87 poyerekeza ndi njanji yeniyeni) pa thabwa la plywood la masentimita 122 m'lifupi ndi 244 m'litali. Mabogi aatali onyamula anthu amangogwa pamalo amodzimodzi, ndipo injini ikafika kumbali yakutali imayamba kutsimphina. Akufunsa ngati kuli bwino kuphwasula zonse.

Ayi akulu, musaphwasule zonse. Zulani pokhota pokha.

Njanji zambiri za HO zobwera m'bokosi zimakhota pa radiyasi (mtunda wochoka pakati pa bwalo kufika panjanji) ya masentimita 46, pamene bogi yaitali ya anthu imafika masentimita 30. Pokhota pothina chonchi, nsonga za bogi zimatulukira kunja n'kukoka inzake mpaka mateyala akwera njanji. Thabwa lanulo likhoza kulandira radiyasi ya masentimita 56, kungoti m'mphepete mutsala masentimita 5 okha, choncho khomanimo kathabwa kotchinga injini ingagwere pansi. Yang'ananinso pamene njanji yakhotera kumanzere kenaka pompo kumanja. Apa mpamene mabogi amagwa kwambiri, chifukwa zolumikizira zake zimakokera mbali zosiyana. Ikani pakati chidutswa chowongoka chotalika ngati bogi yanu yaitali koposa. Mphambano zopatutsira sitima za nambala 4, zomwe zimapatuka mothina, zisiyeni kumalo oimika mabogi aafupi, panjira yaikulu pakhale za nambala 6.

Ngati timiyala toyala m'mbali mwa njanji tinamatidwa ndi guluu woyera wa matabwa, thirani madzi ofunda, dikirani afewe, kenaka lowetsani mpeni wophwatalala pansi pa njanji. Mukakoka ndi dzanja njanji imapindika, ndipo yopindika sibwereranso mwakale.

Pokhota patsopano gwiritsani ntchito njanji yotheka kupinda yotchedwa flex track, ya kampani ya Peco kapena Atlas, ya code (nambala ya msinkhu wa njanji) yofanana ndi yakaleyo: code 100 ndi code 83 sizilingana msinkhu. Ambiri amalakwitsa apa: amayamba apinda, kulumikiza pambuyo, ndiye polumikizirapo pamatsala kakona kakuthwa. Wotchererani ndi soda (solder) zidutswa ziwiri zolumikizanazo zili zowongoka, kenaka pindani ngati njanji imodzi. Koma powongoka musawotcherere paliponse. Siyani kampata ka theka la milimita, popeza thabwa limafufuma pa chinyezi cha dzinja n'kufota likauma, njanji yosowa mpata n'kutukumuka.

Kutsimphina kuja ndi magetsi. Tizitsulo tolumikiza njanji timakhwepa ndi kuda, moti mphamvu imachepa ikamafika kutali. Dutsitsani mawaya awiri okhuthala a 14 AWG (muyeso wa kunenepa kwa waya) kunsi kwa thabwa, ndipo pa masentimita 90 aliwonse tulutsani tiwaya ta 22 AWG. Tiwotchererani kunja kwa njanji, osati m'kati modutsa mkombero wa teyala.

Timiyala musafulumire kubwezeretsa. Manikani njanji ndi timisomali kaye, kenaka yendetsani mabogi aataliwo chobwerera m'mbuyo, injini ikukankha pang'onopang'ono. Pokankha mpamene cholakwika chimaonekera. Bogi imodzi yokha ikamagwabe, pimani mateyala ake ndi geji ya NMRA (kachipangizo koyezera mpata wa mateyala ndi njanji) musanakhudzenso njanji.