Mwana wanu ali ndi liwiro, koma kodi amawakha mpira?

Kalata ya mayi wina wa ku Indiana ku America yandigoneka mochedwa masiku atatu. Mwana wawo wa zaka 15 ndi katswiri pa liwiro la mamita 100 kusukulu kwawo, ndiye kochi wa mpira wa ku America akumunyengerera kuti alowe timu, akumuuza za Bob Hayes, wothamanga amene anadzakhala katswiri wa mpirawo. Mayiwo akufunsa: ndimulole?

Mayi, funso lanu landikhudza pachilonda. Ndili Folomu 2 panalibe wondipitirira pa liwiro pasukulu pathu. Tinkathamanga opanda nsapato pabwalo lafumbi, mizere yake yothira laimu, ndipo ndikati ndanyamuka anzanga ankangoona msana. Tsiku lina aphunzitsi a zamasewero anandiitana n'kunena kuti liwiro lotere lisamangowonongeka, ndikamenye wingi nambala 7. Ndinavomera, chifukwa kwathu kuno wothamanga amaomberedwa m'manja tsiku limodzi pachaka pamene wampira amatchuka Loweruka lililonse. Mpirawo unkandithawa kuphazi. Ndinkafika pakona woyamba koma ndikaponya, mpira kuthengo. Chaka chachiwiri wotchinga kumbuyo wina anandiponda bondo, ndipo chichokereni tsiku limenelo sindinathamangenso mpikisano. Mpaka lero kukazizira bondolo limandikumbutsa. Chimandiwawa n'chakuti panalibe wamkulu ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa chimene mtima wanga unkafuna.

Tsono za Hayes. Kochiyo sakunama. Mu 1964 pa Olimpiki ya ku Tokyo, mnyamata wa ku Jacksonville ku Florida ameneyu anapata golide pa mamita 100 m'masekondi 10.06, atavala nsapato zobwereka, mumzere woyamba umene anthu a mpikisano woyenda anali ataukumbakumba. Pa liwiro lopatsirana kamtengo analandira kamtengoko timu yake ili m'mbuyo, n'kuwadutsa onse, America n'kuswa mbiri ya dziko lonse. Chaka chotsatira anali kusewera mpira wa ku America ku timu ya Dallas Cowboys. Mu 1965 anagoletsa ma touchdown (zigoli za mpirawu) 12 owakha, mu 1966 anagoletsa 13, zaka zonse ziwiri palibe anamuposa mu NFL, ligi yaikulu ya mpirawu. Matimu anaona kuti munthu mmodzi sangamulonde, motero anayamba kudalira kwambiri zogawana bwalo, aliyense kulonda dera lake. Mu Januwale 1972 Cowboys inatenga Super Bowl, chikho chachikulu cha ligiyo, ndipo mpaka pano Hayes ndiye yekha amene ali ndi golide wa Olimpiki ndi mphete ya Super Bowl.

Koma pali chimene kochiyo sakukuuzani, ndipo ndikamachiganizira mtima umanditentha. Hayes sanaphunzire mpira atachoka ku Tokyo ayi. Ankasewera kale ku yunivesite ya Florida A&M pansi pa kochi Jake Gaither, kugundidwa ankakudziwa, manja ake anali ozolowera. Cowboys inamusankha asanapite n'komwe ku Olimpiki. Anali wampira amene analinso ndi liwiro.

Mufunseni kochiyo za Jim Hines. Mu 1968 pa Olimpiki ya ku Mexico City Hines anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.95, mbiri imene inakhala osaswedwa mpaka 1983. Pa wotchi ankamuposa Hayes. Miami Dolphins inamutenga, ndipo mu 1969 anawakha mipira iwiri yokha chaka chonse. Iwiri! Tommie Smith, amene anakweza chibakera atapata golide pa mamita 200 chaka chomwecho cha 1968, ku Cincinnati Bengals anawakha umodzi. Masiku amenewo ukalandira ndalama zamasewero, chitseko cha Olimpiki chinkatsekeka, choncho anyamatawa anasiya chimene anali akatswiri n'kukakhala pabenchi. Hayes mwiniwake anasiya kuthamanga ali ndi zaka 21, msinkhu umene othamanga ambiri amakhala asanakhwime. Sindiwadzudzula, kuthamanga kunalibe malipiro ndipo anali ana a amphawi. Amene ndimawadzudzula ndi akuluakulu oona mwana ngati miyendo basi. Wothamanga amaphunzira kulunjika kutsogolo, thupi lomasuka, palibe womukhudza. Wowakha mpira amafunika kuima mwadzidzidzi, kukhota, kutembenuza khosi kuyang'ana mpira kumwamba uku akudziwa kuti chimunthu cha makilogalamu 100 chikubwera kudzamugwetsa. Ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo aliyense wonena kuti liwiro ndi liwiro basi sanagundidwepo.

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa mapeto a Hayes amandimvetsa chisoni. Atasiya mpira mu 1975 ku San Francisco 49ers, mowa ndi mankhwala ozunguza bongo zinamugwira, ndipo mu 1979 analowa kundende pa mlandu wa mankhwalawo, n'kukhalamo miyezi 10. Anamwalira mu 2002 ali ndi zaka 59. Ulemu wa Pro Football Hall of Fame, mndandanda wa akatswiri opambana m'mbiri ya mpirawu, anamupatsa mu 2009, atagona m'manda zaka zisanu ndi ziwiri. Munthu amene anasintha kaseweredwe ka mpira wonse sanaone tsikulo ndi maso ake.

Nanga muchite chiyani?

Mwayi wanu ndi wakuti kumeneko mpira amasewera kuyambira Ogasiti kapena Seputembala, pamene kuthamanga n'kwa m'ma Malichi mpaka Meyi, ndiye mwana sayenera kutaya china kuti ayese china. Khalani naye pansi kochiyo kulibe, mumufunse ngati iyeyo akuufuna mpirawo. Akati inde, ayese chaka chimodzi, koma mukaonerere nokha ngati akuwakha, ndipo mufunse zimene sukuluyo imachita mwana akagundidwa mutu. Akayamba kunena zosiyiratu kuthamanga, pamenepo kanani. Mundilemberenso Meyi akadzatha, mundiuze masekondi amene wathamanga.