Kuyankha msuweni pa za anthu odzayesa sisitimu

Eee, msuweni, ndaumva uthenga wako. Akuti IV&V (Independent Verification and Validation, kuyesa sisitimu kochitidwa ndi anthu apadera amene sanailembe) n'chiyani, poti eni ntchito akubweretsa kampani ina kudzayang'ana sisitimu ya ngongole imene mukuwapangira. Iwe, mpaka kufunsa pagulu pano usiku pakati? Ndimakudziwa ine. Tanthauzo ukanalipeza pa Google. Chimene chakusowetsa tulo n'choti mwina anthuwa akukukayikira.

Dikira kaye. Ukuikumbukira sikelo ya amalume, nthawi imene ankagula mtedza pakhonde paja? Chaka chimene agogo anadwala mwendo... ayi, chotsatira chake, titabwerako kumudzi. Iwe unali kamwana, ntchito kuboola matumba basi. Amalumetu anali munthu wosamala. M'mawa uliwonse asanatsegule, ankatenga mwala wawo wachitsulo wa makilogalamu 5, kuuika pasikelo, kupotokola kanati mpaka muvi uloze pa 5 ndendende. Ankachita zimenezi alimi akuona, kuti wina asadzanene kuti amaba.

Koma akapita kukagulitsa mtedza uja, makilo ankapezeka operewera. Ulendo uliwonse. Anayamba kugona m'sitolo. Anasintha loko. Achimwene aakulu anathamangitsidwa pakhomo paja chifukwa cha nkhani imeneyi, n'chifukwa chake mpaka lero... iya, izo mukuzidziwa nonse.

Ndiye kunabwera anthu oyesa masikelo, ndi miyala yawo m'bokosi. Amalume anapsa mtima, ngakhale mpando sanawapatse. Akuti, ine ndimayesa ndekha tsiku lililonse, mukudzafuna chiyani? Anthu aja anangoika mwala wawo, muvi n'kupitirira pa 5. Kutembenuza mwala wa amalume, kunsi kunali dzenje, mtovu umene umakhala m'menemo unagwa kalekale. Mwala wopepuka. Iwo m'mawa uliwonse ankakonza sikelo kuti igwirizane ndi mwala wolakwika, n'kumalipira alimi makilo amene kulibe. Wakuba panalibe. Anakhala chete madzulo onse, azakhali anachita kuwapititsira nsima kuchipinda.

Eya. Tsopano zako zija. Anthu a IV&V amenewo amayang'ana ziwiri. Verification ndi kuona ngati mwapanga mogwirizana ndi zimene zinalembedwa. Validation ndi kuona ngati chimene mwapangacho n'chimene kalaliki wa pakauntala akufunadi. Iwe ukamayesa pulogalamu yako umayesa ndi maganizo omwewo amene unalembera. Ngati unamva molakwa kawerengedwe ka chiwongoladzanja, mayeso ako adzakhoza onse, chifukwa wakonza mayesowo ndiwe yemwe.

Zimachitikira ndi akuluakulu omwe. Roketi ya ku Ulaya, Ariane 5, mu June 1996, inaphulika patangotha masekondi pafupifupi 40 itanyamuka. Anatenga pulogalamu ya roketi yakale, Ariane 4, yomwe inkagwira bwinobwino, osaiyesa ndi kaulukidwe ka roketi yatsopanoyo. Nambala ina inakula kuposa malo ake osungiramo m'kompyuta, kompyuta n'kuima. Yapadera, yoti ithandize ikafa inzake, inali ndi pulogalamu yomweyo, inafanso chimodzimodzi. A NASA nawo, bungwe la ku America loona za m'mlengalenga, pambuyo pa ngozi ya chombo chawo cha Challenger ya 1986, anatsegula malo apadera ku Fairmont, West Virginia, mu 1993, ntchito yake kuyesa mapulogalamu olembedwa ndi anzawo. Ukuganiza kuti amawayesa mbava mainjiniya awo?

Ndiye sakukukayikira, msuweni. Akubwera ndi mwala wina basi.

Chimene ndikanada nacho nkhawa ine ndi china. Funsa kuti akuwalipira ndani, ndipo lipoti akukapereka kwa yani. Ngati ndalama zawo zikudutsa kwa abwana ako, kapena abwana ako ndi amene akuwauza poti ayang'ane ndi poti asayang'ane, palibe chimene chikuchitika, mukungotaya ndalama. Ayenera kusankha okha zoyesa, n'kukanena kwa eni ntchito mwachindunji. Ndipo abwere msanga, awerenge zofunika za sisitimu zija musanalembe zambiri. Cholakwa chopezeka papepala n'chotsika mtengo, chikapezeka anthu atayamba kudulidwa ndalama zolakwika... mmm, dzina lako limenelo.

Wandimva? Si mlandu ayi. Usakawabisire kanthu, ngakhale mbali ija umati udzaikonza mawa. Apatse zonse, ndi mpando womwe uwapatse. Akapeza vuto panopa ndi mwayi wako.

Ndibwerezenso, poti iwe mutu wako ndi wa amalume: anthuwo sanabwerere iwe, abwerera zimene maso ako sangaone chifukwa unalemba ndiwe. Unditumizire tsamba la mgwirizano limene likunena za malipiro awo, koma kumbali, osati pagulu pano.