Kamaikulosikopu kolowa m'thupi sikanalowe m'malo mwa biopsy

Achimwene, mwafunsa ngati kamaikulosikopu kolowa m'thupi kathetsa zodula kanyama poyeza khansa (biopsy). Pakadali pano ayi ndithu. Adokotala amakubayani kaye mankhwala owala otchedwa fluorescein, kenako kachingwe kopyapyala ka laser kamadutsa mu endoscope (kapaipi ka kamera koonera m'kati mwa thupi) mpaka kum'mero kapena m'matumbo, basi maselo akuoneka pa sikirini pompopompo, okuzidwa pafupifupi ka 1,000. Cellvizio ya ku France ndi imodzi mwa makina oterewa. Ubwino wake adokotala amaona malo enieni oti adulepo m'malo mongotola mwachisawawa, koma kachipangizoka kamangoona pamwamba chabe sikafika mkati kwenikweni, nde kanyamako kamapitabe ku labu. Kwathu ku Malawi khansa ya kum'mero ndi yochuluka, kakanathandiza, kungoti makinawa ndi odula kwabasi.