Mtsogoleri tamusankha tokha, timumangirenji manja?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa kusekondale. Funso lawo linali lakuti: "Ngati anthu avota mwaufulu, n'chifukwa chiyani makhoti ndi aphungu amatsekereza mtsogoleri amene wasankhidwayo? Si kunyoza ovota kumeneko? Dziko likakhala pamavuto, bwanji osangomupatsa mphamvu zonse kwa kanthawi kuti akonze zinthu?"

Mayi, m'kalata yanu yonse mawu amene andiimitsa mutu ndi akuti "kwa kanthawi".

Pa 23 Malichi 1933 aphungu a ku Germany anasonkhana m'nyumba ya zisudzo ya Kroll ku Berlin, poti nyumba yawo ya malamulo inali itapsa pa 27 Febuluwale. Adolf Hitler anali asanakwanitse miyezi iwiri akutsogolera boma. Mpandowo sanaulande ndi mfuti ayi, anamuikapo ndi Pulezidenti Hindenburg motsatira malamulo. Motowo utangozima, kunatuluka lamulo ladzidzidzi loimitsa ufulu wolankhula, wosonkhana ndi wa nyuzipepala, ati pofuna kuteteza dziko. Pa chisankho cha pa 5 Malichi chipani cha Hitler cha Nazi chinapeza mavoti osakwana 44 pa 100 alionse, kutanthauza kuti ovota ambiri sanachisankhe.

Tsono bilu imene inabwera tsikulo inkapempha zomwe mwafunsazi ndendende: boma lizipanga malamulo palokha osadzera kwa aphungu, ngakhale osemphana ndi malamulo aakulu a dziko, kwa zaka zinayi zokha. Mipando 81 ya aphungu achikomyunizimu inali yopanda anthu, ena ali m'chitokosi, ena atathawa. M'makonde ndi m'mbali mwa makoma munali mutaima anyamata a chipani cha Nazi ovala mayunifolomu, kuyang'anitsitsa aliyense wolowa. Aphungu 444 anavomera. Okana anali 94, onse a chipani cha Social Democrats, ndipo mtsogoleri wawo Otto Wels anaimirira n'kulankhula motsutsa pamaso pa Hitler. Aphungu a zipani zina, kuphatikizapo cha Akatolika, anavomera podalira malonjezo apakamwa. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Pofika pa 14 Julaye zipani zawozo zinali zitatha, lamulo likuti chipani n'chimodzi basi. Zaka zinayi zija ankangoziwonjezera mpaka dziko linasanduka bwinja mu 1945.

Chimene chimandiwawa pankhaniyi n'chakuti zambiri zinayenda ndi mapepala osainidwa bwinobwino. Munthu wamba akanafunsa kuti kodi izi n'zololedwa, akanamuonetsa pomwe zalembedwa.

Aroma akale anali ochenjerako. Nkhondo ikavuta ankapatsa munthu mmodzi mphamvu zonse, koma kwa miyezi isanu ndi umodzi yokha, kenako azibweza. Malirewo atayamba kuphwanyidwa, mapeto ake Julius Caesar anapatsidwa udindowo wa moyo wake wonse mu 44 BC. Anamupha chaka chomwecho, koma ufulu sunabwerere. Augustus, amene anadzalamulira pambuyo pake, anaisiya nyumba ya malamulo ilipo, maudindo akale alipo, koma mawu omaliza anali ake.

Sindikunena kuti oweruza ndi angelo. Amalakwitsa, amachedwetsa zinthu, ena amagulidwa kumene. Aphungu ndiye musandiyambitse. Ndipo n'zoona kuti pa mliri kapena pankhondo boma limayenera kuchita zinthu mwachangu. Koma voti yanu imapereka udindo womwe uli ndi malire ake, ndipo malirewo analipo kale tsiku lomwe munkavota. Wosankhidwayo akawachotsa, ndiye kuti watenga zomwe simunam'patse. Komanso mphamvu zomwe mungapatse mtsogoleri amene mumamukonda zimatsalira pampandopo iye akachoka, wodzakhalapo n'kuzipeza, ngakhale atakhala amene mumamuopa. N'chifukwa chake ine, lamulo ladzidzidzi likabwera, sindifunsa ngati mtsogoleriyo ndi wabwino. Ndimafunsa kuti likutha tsiku liti, ndipo iye akakana kubweza mphamvuzo, ndani angamulande?

Mwina ana a m'kalasi mwanu angafunse ngati pali dziko lomwe linapulumukapo. India ndi limodzi. Mu Juni 1975 khoti la ku Allahabad linagamula kuti nduna yaikulu ya dzikolo, Indira Gandhi, anaphwanya malamulo a chisankho. Pasanathe milungu iwiri boma lake linalengeza kuti dziko lili pangozi. Atsogoleri otsutsa anatsekeredwa, nyuzipepala zinkayamba zaunikidwa ndi boma zisanasindikizidwe, ndipo chisankho chinasunthidwa. Zinatenga miyezi 21. Mu Malichi 1977 anthu anavota, chipani chake chinagwa, iye mwini n'kutaya mpando wake wa uphungu ku Rae Bareli. Koma muwauzenso anawo kuti amene anaitanitsa chisankhocho anali Indira yemweyo, ndipo ambiri amakhulupirira kuti anatero poganiza kuti apambana.