Funsani Mphunzitsi: Ana 7, zida zitatu, aliyense pa msinkhu wake

FUNSO

Ndakhala ndikuphunzitsa piyano kwa zaka zinayi, mwana mmodzimmodzi. Chaka chino ndapatsidwa gulu la ana 7 kwa ola limodzi pa sabata, ndipo tili ndi piyano imodzi ndi makiyibodi awiri. Ana atatu angoyamba kumene, sadziwa n'komwe pamene pali C wapakati. Awiri amawerenga manotsi koma ndi dzanja limodzi. Mtsikana wina anakhoza Giredi 2, pomwe mnyamata wamkulu pa onse akukonzekera Giredi 4. Ndikapereka nyimbo yosavuta, awiri akutsogolowa amayamba kuyasamula ndi kusokoneza anzawo. Ndikapereka yovutirako, ang'onoang'ono amangokhala manja pamiyendo, moti sabata yatha mmodzi analira. Kodi ndigule buku la giredi iti loti onse akwanemo?

Mphunzitsi wothedwa nzeru

YANKHO

Aphunzitsi, pepani ndi misozi ya mwanayo. Inenso ndinaionapo misozi yotere m'kalasi mwanga, ndipo imakutsatira mpaka kunyumba. Koma buku limene mukufunalo musavutike kulisaka. Zala za dzanja limodzi sizilingana, ndipo palibe tsamba limodzi la manotsi lomwe lingakwanire mwana wa masabata atatu pamodzi ndi mnyamata wa Giredi 4. Chimene ana anu angagawane ndi nyimbo imodzi, aliyense n'kutenga mbali yolingana ndi manja ake.

Tiyambe ndi nambala ya girediyo, chifukwa imatisocheretsa ambiri. Bungwe la mayeso a nyimbo la ABRSM, lomwe linakhazikitsidwa ku London mu 1889, limayesa kuyambira Giredi 1 mpaka 8, ndipo Trinity College London nayo ili ndi makwerero ofanana ndi amenewa. Nambalayo imanena za nyimbo imene mwana angaiimbe yekha pamaso pa woyesa ataikonzekera miyezi yambiri. Mtsikana wanu wa Giredi 2 mwina anatha theka la chaka akupukuta nyimbo zitatu zokha. Mukamuikira tsamba la Giredi 2 lero n'kumuuza kuti aimbe pamodzi ndi anzake 6, akumvetsera ena, akuwerenga kugunda, wina akumugunda chigongono, adzaphunthwa. Ndiye lamulo langa ndi ili: pagulu, mwana ndimamupatsa mbali yotsika ndi magiredi awiri kuchokera pamene iye ali. Makolo ena amadandaula akaona zimenezi, amati mwana akubwerera m'mbuyo. Ndimawauza kuti adzabwere adzamve okha.

Ndikusonyezeni ndi nyimbo imodzi. Tengani nyimbo yotchuka ija ya m'chigawo chomaliza cha Symphony ya nambala 9 ya Beethoven, ya mu 1824. Mukaiika mu C, ma bar 8 oyamba (bar ndi kagawo ka nyimbo, pano ka kugunda kunayi) amakwana pansi pa zala zisanu, kuyambira C mpaka G, dzanja osasuntha. Anayi oyamba ndi awa: E E F G, G F E D, C C D E, E D D. Imeneyo ndi ya ana anu awiri owerenga ndi dzanja limodzi. Ana atatu ongoyamba apatseni manotsi awiri okha kumunsi kwa piyano, C ndi G, kusinthana bar iliyonse, notsi imodzi kuigwira kwa kugunda kunayi. Pa bar ya 8 pokha ndi pamene G ndi C zimagawana bar imodzi, ndipo muwachenjeze msanga, apo ndi pamene amagwa. Mtsikana wa Giredi 2 aimbe nyimboyo ndi dzanja lamanja chapamwamba, lamanzere likugwira ma chord (manotsi angapo odindidwa pamodzi) awiri, a C ndi G omwewo. Mnyamata wamkulu athyole ma chordwo m'timanotsi tofulumira, tiwiri pa kugunda kulikonse, mosalekeza mpaka kumapeto. Anthu 7, nyimbo imodzi, ndipo palibe wongokhala.

Pa gulu langa loyamba panali kamtsikana ka zaka 7 kamene sikankayankhula. Kakakhala pa piyano, mapazi ake ankalendewera, osafika pansi, mpaka ndinakaikira bokosi poponda. Ndinakapatsa C ndi G basi. Kanayamba ndi chala chamkombaphala cha dzanja lililonse, lilime lili panja, mutu ukugwedezeka pa kugunda kulikonse. Sabata yachitatu kanadwala, sikanabwere. Titaimba popanda iko, mnyamata wina wodziwa kwambiri anaima pakati n'kunena kuti nyimbo ikumveka ngati ilibe pansi. Kamtsikanako katabwera sabata yotsatira, ndinamupempha mnyamatayo kuti abwereze mawu akewo pamaso pake. Kuyambira tsiku limenelo kankafika koyambirira pa onse. Mbali yosavuta iyenera kukhala yoti ikachoka anthu aisowe. Mukamupatsa mwana mbali yongomutseka pakamwa, amazindikira msanga ndithu, ngakhale ali wamng'ono chotani.

Simuyenera kulemba zonse nokha. Olemba nyimbo akale anaganizirapo za anthu awiri osalingana okhala pa piyano imodzi. Anton Diabelli ali ndi buku la Op. 149, nyimbo 28 za manja anayi, momwe woimba chakumwamba, yemwe amatchedwa primo, amakhala mkati mwa manotsi asanu okha, pomwe wakumunsi, secondo, ndiye amasenza katundu yense. Mbali ya secondo inalembedwa moganizira mphunzitsi, choncho muiyese nokha musanamupatse mnyamata wanu. Zina angazithe, zina zimuposa. Igor Stravinsky anachita mbali zonse ziwiri: mu Three Easy Pieces mbali yosavuta ndi yakumunsi, ndipo mu Five Easy Pieces, za mu 1917, yosavuta ndi yakumwamba. Musanyengeke ndi dzinalo, mbali inayo ndi yanu aphunzitsi, si ya mwana. Kulinso nyimbo za manja asanu ndi limodzi, anthu atatu pa piyano imodzi, monga zimene analemba Cornelius Gurlitt.

Buku limene ndimalikonda koposa poyeza makwerero ndi Mikrokosmos la Béla Bartók: nyimbo 153 m'mabuku 6, zolembedwa pakati pa 1926 ndi 1939. Mabuku awiri oyamba anawapereka kwa mwana wake Péter. Ngakhale musaphunzitsire bukuli, likhaleni pansi madzulo ena n'kumatsegula tsamba ndi tsamba. Mudzaona munthu wodekha akuwonjezera vuto limodzi lokha pa nthawi: poyamba manja onse akuimba zofanana, kenako lina likukwera pamene lina likutsika, kenako dzanja lina likutsatira linzake pambuyo. Ine ndinaphunzira kuyeza kulemera kwa nyimbo kuchokera m'buku limeneli kuposa m'mabuku onse a mayeso.

Ndipo kuyezako ndiye ntchito yanu yeniyeni, chifukwa nyimbo zambiri za gulu zimene mungapeze zimangolembedwa kuti "zosavuta" kapena "zapakatikati", mawu amene wosindikiza aliyense amawamva m'njira yakeyake. Ndikatenga tsamba, choyamba ndimayang'ana ngati dzanja likukhala malo amodzi kapena likudumpha. Kudumpha kumodzi kokha kungathe kukweza mbali yonse ndi giredi yathunthu, chifukwa mwana amachotsa maso pa tsamba kuti aone makiyi, ndipo pobwerera wasochera. Kenako ndimaona ngati manja awiri akuyenda mofanana kapena aliyense ali ndi ulendo wake. Izi zimalemera kuposa kuchuluka kwa manotsi. Tsamba lakuda bii ndi manotsi oyenda motsatizana ngati masitepe likhoza kukhala lopepuka kuposa tsamba looneka loyera lomwe dzanja lamanzere likulowa pakati pa kugunda. Chinthu china chimene aphunzitsi ambiri amaiwala ndi malo opumira. Pa nyimbo ya yekha, kupuma n'kosavuta. Pagulu, kukhala chete ma bar atatu n'kulowa pa nthawi yake ndi luso lovuta zedi, ndiye ongoyamba apatseni mbali yosalekeza kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Pomaliza yezani dzanja lenilenilo. Mwana wa zaka 7 kawirikawiri satha kutambasula dzanja kufika pa octave, kutanthauza makiyi oyera 8, ndipo kumukakamiza kumangoumitsa mkono.

Tsiku limene zonse zavuta, thawirani ku makiyi akuda. Piyano ili ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36, ndipo akudawo amakhala m'magulu a awiri ndi atatu, osavuta kuwapeza ngakhale kwa mwana amene wafika lero. Makiyi akuda okhaokha amapanga scale (mndandanda wa manotsi okwera motsatizana) ya manotsi asanu yomwe ilibe manotsi ogundana kwambiri, moti chilichonse chimene mwana angadinde chimamveka bwino. Ongoyamba agwire kumunsi kiyi yoyamba ya gulu la atatu pamodzi ndi kiyi yoyamba ya gulu la awiri lotsatira, n'kumagunda mosasintha. Enawo azipeka nyimbo zawo pamwamba, mosinthana, ma bar anayi aliyense. Apa mudzadabwa. Nthawi zambiri wa Giredi 4 ndi amene amazizira manja chifukwa palibe tsamba lomuuza chochita, pomwe wongoyamba amangolowa mopanda mantha. N'kwabwino kuti gulu lonse lizione zimenezo.

Ndili ndi nkhawa ndi mnyamata wanu wamkuluyo kuposa ndi amene analira. Chiyeso chimene chimatigwera aphunzitsi n'choti timusandutse wothandizira wathu mpaka kalekale: pita ukamuonetse uyo, khala pafupi ndi uyu. Pang'ono n'kwabwino, munthu amamvetsa bwino chinthu akachifotokozera mnzake. Koma iyeyo anabwera kudzaphunzira, ndipo akaona kuti ola lonse latha osapeza chatsopano, tsiku lina sadzabweranso, ndipo sadzakuuzani chifukwa chake. Mupatseni zomutuluka thukuta m'kati mwa nyimbo yomweyo. Aisamutse kuchoka mu C kupita mu G, kenako mu D, momwe Beethoven anailembera. Apeke tomaliza take. Komanso ndi iyeyu amene amathamanga, mudzaona. Odziwa kwambiri amakonda kukoka liwiro, ndiye muuzeni kuti ntchito yake ndi kumvetsera ana a manotsi awiri aja ndi kuyenda nawo. Kwa mwana wozolowera kuimba yekha, limeneli ndi phunziro lalikulu kuposa nyimbo yatsopano.

Chimodzimodzinso ang'onoang'ono asakalambire pa C ndi G. Pakatha masabata atatu kapena anayi, sunthani aliyense sitepe imodzi: wa manotsi awiri atenge ma bar anayi oyamba a nyimbo, wa dzanja limodzi awonjezere notsi imodzi kumanzere. Chifukwa nyimboyo aimva kambirimbiri kuchokera kwa anzawo, makutu amakhala atawatsogolera kale.

Za zida, mukwana. Atatu pa piyano, awiriawiri pa kiyibodi iliyonse. Ngakhale ya makiyi 61 imakwana ana awiri ngati mbali zawo sizidumpha. Ngati makiyibodiwo amalola mahedifoni, gwiritsani ntchito mphindi 15 zapakati kuti ena aziyeserera mwakachetechete pamene inu muli pa piyano ndi kagulu kamodzi. Koma kuyamba ndi kumaliza kwa ola kukhale kwa onse pamodzi, mokweza. Musaone ngati mukuchita chachilendo kapena chotsika. Johann Bernhard Logier ankaphunzitsa kale magulu a ana pa mapiyano angapo nthawi imodzi ku Dublin zaka zoposa 200 zapitazo.

Pa phunziro likubwerali, yambani popanda kukhudza chida chilichonse. Onse aimirire, aimbe nyimbo ya Beethoven ija pakamwa, akuomba m'manja kugunda kunayi. Kenako muitane mwana amene analira uja, mumukhazike kumunsi kwa piyano, mumuonetse C ndi G, ndipo ayambe yekha ma bar anayi enawo asanalowe.

FUNSO

Mwana wanga wa zaka 10 akuphunzira pagulu, ndipo aphunzitsi ake akuti asalembe Giredi 1 koma adikire adzalembe Giredi 2 chaka chamawa. Kodi kudumpha giredi n'kololedwa? Ndikuopa kuti adzapezeka alibe satifiketi yoyamba.

Mayi wa mwana mmodzi

YANKHO

Amayi, mtima ukhale m'malo, n'kololedwa. Ku ABRSM munthu angalembe Giredi 2 kapena 3 popanda kuonetsa satifiketi ya giredi yam'mbuyo. Chotchinga chimabwera kutsogolo: asanalembe mayeso oimba a Giredi 6, 7 kapena 8, amayenera kukhala atakhoza Giredi 5 ya Music Theory kapena mayeso ena olandiridwa m'malo mwake. Apo m'patali, koma ndi bwino kudziwiratu.

Chimene ndingakupempheni n'choti mufunse aphunzitsiwo funso limodzi: chaka chimenechi mwana aimba nyimbo zingati? Akakuuzani kuti m'malo mwa nyimbo zitatu za mayeso adutsa nyimbo zazifupi 20 kapena 30, zina yekha, zina ndi anzake, ndiye kuti asankha bwino, ndipo mwanayo adzafika pa Giredi 2 akuwerenga manotsi momasuka. Koma ngati cholinga n'choti ayambe lero kuloweza nyimbo zitatu za Giredi 2 kwa chaka chathunthu, pamenepo ndingakane. Madzulo ano mupempheni mwanayo akuimbireni mbali yake ya pagulu, ndipo mumufunse kuti mnzake wokhala naye pampando amaimba chiyani. Ngati angakung'ung'udzireni mbali ya mnzakeyo, musiyeni apitirize ndi aphunzitsi amenewo.