Funsani Aphunzitsi: "Mwana wanga akuti alibe mlembi amene amamukonda"

Funso: Aphunzitsi, ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa tomato ndi anyezi mumsika wa Bangwe. Mwana wanga woyamba, wamkazi, ali sitandade 7. Kusukulu awapatsa ntchito yoti aliyense asankhe mlembi wa mabuku amene amamukonda, afufuze mbiri yake, alembe pa tchati, kenako akafotokozere anzake m'kalasi. Anawapatsa masabata atatu ndipo imodzi yatha kale. Mwanayu akungolira, akuti iye alibe mlembi amene amamukonda. N'zoonadi, m'nyumba mwathu mabuku amene alimo ndi Baibulo, buku la nyimbo ndi makope awo basi. Bambo ake akuti tingogula bandulo, akopere pa intaneti za mzungu aliyense wotchuka, nkhani ithe. Ine mtima wanga ukukana koma poyambira sindikupaona. Ndithandizeni.
*Mayi wa ku Bangwe*

Yankho: Mayi, mtima wanuwo ukukana zoona, ndipo mwana wanunso sakunama. Munthu sangakonde ndiwo imene sanailawepo. Misozi yakeyo ikundiuza kuti ndi mwana wosafuna kunamiza aphunzitsi ake, ndiye musamukalipire.

Ndaphunzitsa Chichewa zaka zoposa 30 m'sukulu za pulayimale muno mu Blantyre, ndipo tchati chokopera ndimachizindikira ndisanachiwerenge n'komwe. Chimakhala chowala, chithunzi chosindikiza bwino, chaka chobadwa, chaka chomwalira, mayina a mabuku ndandanda mpaka pansi. Koma ndikangofunsa kuti, "Mwanawe, m'mabuku onsewa ndi pati pamene panakuseketsa?" mwana amazyolika n'kuyamba kukanda simenti ndi chala cha kuphazi, anzake ali nkhekhekhe. Manyazi amene mwana amamva pamenepo amandipweteka kwambiri, chifukwa wolakwa si iye. Akuluakulu ndi amene anamutuma kukanena za munthu amene sanakumane naye.

Ntchito imeneyi siyambira pa mlembi ayi. Imayambira pa buku. Mwana awerenge kaye buku limodzi mpaka kumapeto, ndipo mlembi wa buku limenelo ndiye adzakhale wakeyo. Limodzi lokha n'lokwanira.

Nanga bukulo mulipeza kuti? Yambani pomwe mulipo. Mawa mumsikamo funsani anzanu ogulitsa nawo ndi makasitomala anu achikulire. Anthu ambiri amene anaphunzira kusekondale zaka za m'ma 1980 ndi 1990 ali ndi timabuku ta Chichewa pansi pa sutikesi, tina topanda chikuto, tadyedwa ndi mphemvu m'mbalimu, koma nkhani yonse ilimo. Funsaninso aphunzitsi a Chichewa a mwanayo, abusa kapena akulu ampingo. Zikakanika, Loweruka kwerani naye minibasi. Mu Limbe mumapezeka anyamata oyala mabuku akale m'mbali mwa msewu, ndipo mtengo mumachita kunenerera ngati mmene amachitira makasitomala anu. M'tauni muli sitolo ya mabuku ya CLAIM komanso nthambi ya National Library Service. Kulaibulaleko mukafunse mmene mwana angalembetsere kuti azibwereka mabuku, chifukwa phindu lake lidzapitirira ntchito ya temu inoyi. Chonde musapite nokha. Mwanayo agwire mabukuwo ndi manja ake, atsegule, awerenge ndime yoyamba ataimirira pomwepo, asankhe yekha.

Mayina oti mufunse ndi awa. John Gwengwe analemba *Sikusinja ndi Gwenembe*, nkhani ya abale awiri, nsanje, ndi kambalame kokana kusunga chinsinsi. Kwa mwana wa msinkhu umenewu ine ndimayambira pamenepa. Willie Zingani, amene ndi mtolankhani, analemba *Madzi Akatayika* ndi *Njala Bwana*, ndipo Chichewa chake n'chapafupi ndi chimene timayankhula. E.J. Chadza analemba *Kokha Mcheperawakalulu* ndi *Ntchito ya Pakamwa*. Mwana akakhala wolimba pa kuwerenga, pali gogo wa onsewa, Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma. Buku lake la *Nthondo* linatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa mabuku olembedwa m'zinenero za mu Africa, ndipo mu 1934 Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha *Man of Africa*. Bambo akewo muwauze zimenezi mwaulemu: zaka zoposa 90 zapitazo azungu ndiwo ankamasulira buku la Mmalawi kuti awerenge nawo. Kalembedwe ka mawu ena m'buku la Ntara n'kakale, choncho mwana angafune womuthandiza apa ndi apo.

Sindikuletsa alembi akunja. Mwana amene wawerengadi buku la wakunja n'kulikonda, alembe za ameneyo. Chimene ndikukana n'kutola dzina chifukwa choti ndi lotchuka.

Mwatsala ndi masabata awiri, ndipo akukwana. Timabuku tambiri ta Chichewa si tatikulu. Masamba 8 kapena 10 patsiku, pofika tsiku la khumi watha. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Koma aziwerenga mokweza, inu muli pomwepo. Madzulo mukamasankha tomato wofewa kumupatula kwa wolimba, iye akhale pamkeka akuwerengereni. Simufunika kukhala wophunzira kuti mumuthandize. Mungomudula n'kufunsa, "Iii, ndiye anachitiranji zimenezo?" kapena "Ukanakhala iwe ukanatani?" Mayankho akewo azilemba kumapeto kwa kope, mizere iwiri kapena itatu patsiku. Mizere imeneyo ndiyo ntchito yeniyeniyo.

Ndikuuzeni za mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa ku Ndirande, chifukwa sindimamuiwala. Ankakhala ndi agogo ake aakazi, osadziwa kuwerenga, m'kanyumba ka chipinda chimodzi. Ndinamubwereka *Sikusinja ndi Gwenembe* langa, nditalikuta ndi pepala la simenti. Usiku ankawerengera agogowo pa koloboyi. Atafika pamene mbalame ikuimba, agogo anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Ima kaye. Kwathu sitinkaimba choncho." Anaimba mmene ankaimbira kumudzi kwawo ali ana, ndipo anawonjezera zina zimene m'bukumo munalibe. Mtsikanayo anadabwa kuti nkhani imene ili m'buku agogo ake akuidziwa chikhalirecho sanapiteko kusukulu. Pa tsiku lofotokoza anabwera ndi katoni yotambasula, atailemba mzere pakati: mbali ina zimene analemba Gwengwe, mbali ina zimene ananena agogo. Pansi analemba ndi makala kuti akuganiza kuti mlembiyu nayenso anamva nthanoyi kwa akuluakulu, n'kuilemba kuti isatayike. Kenako anaimba nyimbo ya agogo ija, mawu akunjenjemera, ndipo kalasi ya ana oposa 80 inangoti zii, ena n'kuyamba kuvomera. Tchati chake chinalibe chithunzi cha mlembi ngakhale chimodzi. Ndinamupatsa malikisi apamwamba kuposa onse, ndipo palibe mwana amene anadandaula.

Za tchatizo musataye nazo ndalama. Katoni yoyera mkati, kapena mapepala anayi omata ndi phala la ufa, zikwana. Pakhale dzina la mlembi ndi la buku, chaka chimene linatuluka (chimalembedwa kuseri kwa tsamba loyamba, pamodzi ndi dzina la kampani yosindikiza), nkhaniyo mwachidule m'mawu a mwanayo, mpangankhani amene wamukonda ndi amene wamunyansa, ndi chifukwa chake. Alembeponso mawu kapena miyambi itatu imene waiphunzira m'bukumo. Ajambule yekha malo amodzi a m'nkhaniyo. Mbiri ya mlembi nthawi zambiri imapezeka pachikuto chakumbuyo, ndipo mizere inayi yoona iposa tsamba lonse lokopera. Inu musamulembere, ngakhale zilembo zake zikhale zokhotakhota.

Bandulo ya bambo ake ija isatayidwe. Igwire ntchito tsiku lomaliza, kutsimikiza chaka kapena kuona nkhope ya mlembiyo ngati ilipo. Ndipo bamboyo apatsidwe udindo wokhala omvera oyamba: Lamulungu madzulo akhale pampando, mwana aimirire kutsogolo kwawo afotokoze ngati ali m'kalasi, iwo afunse mafunso awiri.

Funso: Mnyamata wanga ali fomu 1 ndipo pa ntchito yofanana ndi imeneyi wasankha Jack Mapanje, ati chifukwa anamva kuti anamangidwapo. Ine ndinakula nthawi imene mayina ena sitinkawatchula mokweza. Kodi si kumulowetsa mwana m'ndale kumeneku? Ndimuletse?
*Bambo wa ku Chilomoni*

Yankho: Bambo, mantha anuwo ndikuwamva, inenso ndine wa nthawi yomweyo. Koma musamuletse. Zimene zinamuchitikira Mapanje ndi mbiri ya dziko lino, yolembedwa poyera. Anabadwa mu 1944 ku Mangochi, anali mkulu wa gawo la Chingerezi ku Chancellor College ku Zomba, ndipo buku lake la ndakatulo, *Of Chameleons and Gods*, linatuluka mu 1981. Mu 1987 anamangidwa n'kutsekeredwa kundende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, mpaka anatulutsidwa mu 1991. Mwana wobadwa nthawi ya zipani zambiri ayenera kudziwa kuti zimenezi zinachitika kuno kwathu, kwa munthu amene chida chake chinali cholembera.

Nkhawa yanga ili pena. Mnyamatayu wakopeka ndi ndende, sanakopeke ndi ndakatulo. Akapanda kusamala, tchati chake chonse chidzakhala cha Mikuyu, mlakatuliyo osaonekamo. Ndakatulo za Mapanje n'za Chingerezi ndipo n'zokuluwika, chifukwa nthawi imeneyo wolemba ankayenera kubisa tanthauzo ngati mmene bilimankhwe amasinthira khungu. Wa fomu 1 sangazimve zonse. Asankhe imodzi yokha yaifupi, apite nayo kwa aphunzitsi a Chingerezi amuthandize mawu ovuta, kenako ayese kuifotokoza m'Chichewa. Pamenepo mpamene inu mukufunika kwambiri. Mukhale naye pansi mumuuze mmene zinalili: makadi a chipani pakhomo la msika, kuyang'ana kumbuyo musanayankhule, anthu ongosowa osadziwika kumene apita. Zimene munaziona ndi maso anu zidzamutsegulira ndakatuloyo kuposa dikishonale.

Akaona kuti ndakatulo zamukanika, pali Legson Kayira, amene mu 1958 ananyamuka wapansi kuchoka kumpoto kwa dziko lino kufunafuna maphunziro, nayenda mpaka ku Khartoum, kenako n'kukaphunzira ku America. Ulendowo anaulemba m'buku la *I Will Try* la mu 1965, ndipo Chingerezi chake n'chosavuta. Anyamata a msinkhu umenewu akaliyamba salisiya.

Funso: Mdzukulu wanga wa sitandade 6 anaonera filimu ya William Kamkwamba ndipo akuti mlembi wake ndi ameneyo. Kodi ameneyu ndi mlembi kapena ndi wa zamagetsi?
*Gogo wa ku Zingwangwa*

Yankho: Agogo, ndi zonse ziwiri. Kamkwamba, wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, analemba mbiri yake mothandizana ndi mtolankhani Bryan Mealer, ndipo bukulo, *The Boy Who Harnessed the Wind*, linatuluka mu 2009. Filimu inabwera pambuyo, mu 2019. Pa tchatipo mdzukulu wanu alembe mayina onse awiri, chifukwa bukulo analemba awiri. Koma filimu isalowe m'malo mwa buku. Lilipo lina lofupikitsa lolembera ana, limenelo ndilo mukafunse kulaibulale. Powerenga, mumuuze ayang'anitsitse pamene Kamkwamba, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ija ya 2001 ndi 2002, ankapita kukabwereka mabuku pa kalaibulale ka kwawoko, n'kuona chithunzi cha makina oyendera mphepo. Njala imeneyo inu mukuikumbukira, ndiye mumufotokozere mmene munapulumukira chaka chimenecho, alembe nazo pambali pa tchatipo.