Cigar yamphamvu sifuna changu

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake cigar (ndudu yaikulu ya masamba a fodya okhaokha) yopichira pamanja ya ku Nicaragua ija inakuchititsani chizungulire m'malo mokukomerani. Mphamvu yake imachokera ku masamba a ligero, a kunsonga kwa fodya, omwe amawombedwa dzuwa kwambiri n'kukhala ndi chikonga chochuluka. Fodya wa ku Estelí, dera la ku Nicaragua komweko, ndi wotero. Poyamba amalasa ngati tsabola m'mphuno, kenako amafatsa, mumamva khofi wokazinga ndi kafungo ka dothi lonyowa. Ine pamenepo ndi pomwe ndimapakonda.

Utsi musamaumeze, uzungulire m'kamwa basi, muutulutse. Kokani kamodzi pa mphindi, chifukwa mukafulumira imatentha n'kuyamba kuwawa. Muziyamba mwadya, ndipo mutu ukayamba kuzungulira, iikeni pansi mumwe tiyi wa shuga. Dziwaninso kuti ngakhale osameza, utsiwu umavulazabe m'kamwa ndi kukhosi.